Kugula Malonda kwa Munthu Wosamdziwa

MAU KWA APHUNZITSI

Phunziro ili lakonzedwera ana a Giredi 5 ndi 6. Colinga cake ndi cakuti ana adziwe cifukwa cake kugula katundu kwa munthu amene ali kutali kuli ndi ngozi, ndiponso zimene munthu angacite asanatulutse ndalama zake. Musanatsegule wailesi, jambulani pa bolodi msewu wa Great East, ndipo muikepo Lusaka, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Chipata. Pambali pake lembani mau atatu awa: maso, mboni, malo. Kenaka funsani ana kuti ndi angati mwa iwo amene makolo kapena agogo ao amawapatsa lamya kuti awawerengere uthenga. Mudzaona kuti manja ambiri adzakwera. Ici ndico cifukwa cake phunziro ili si la akulu okha.

PA MSIKA WA NYIMBA

Moni ana nonse, moni aphunzitsi. Lero tiyambira pa Nyimba, pamene mabasi ocokera ku Lusaka amaima kuti aulendo aongole miyendo. Inu a kumeneko mudziwa bwino zimene zimacitika basi ikangoima. Amai amathamanga ndi mikoko ya nthoci pamutu, aulendo amatsika, ndipo malonda amayamba. Taonani mai wina waulendo amene afuna kugula nthoci. Iye sadziwa dzina la wogulitsa, ndipo wogulitsa sadziwa kumene mai uja acokera. Onse awiri ndi alendo kwa wina ndi mnzake. Komabe palibe amene acita mantha. Cifukwa ciani?

Cifukwa cake ndi cakuti pa malonda amenewa pali alonda atatu amene sitiwaona, koma ali pomwepo. Mlonda woyamba ndi maso. Mai waulendo anyamula mkoko wa nthoci, autembenuza, aona ngati nthoci ndi zokhwima kapena zofinyika. Mlonda waciwiri ndi mboni. Pali amai ena ogulitsa, pali aulendo anzake, ndipo wina akafuna kubera mnzake, onse aona. Mlonda wacitatu ndi malo. Wogulitsa uja mawa adzakhalanso pomwepo, mkuca adzakhalanso pomwepo. Akanyenga munthu lero, mbiri yake iipa, ndipo malonda ake afa.

Pali cinthu cinanso cimene muyenera kuciona. Ndalama ndi nthoci zikumana pa nthawi imodzi. Dzanja limodzi lipereka, lina lilandira. Palibe amene atsala cimanjamanja kudikira mnzake.

Makolo athu anali kuwadziwa alonda amenewa. Munthu pogula ng'ombe kapena mbuzi m'mudzi, sanali kugula usiku, kapena kuseri kwa nkhokwe. Anali kupita ku khola dzuwa likuwala, kuona ciweto ndi maso ake, ndi kuitana anyakwawa kapena akulu ena kuti akhale mboni. Mlandu ukabuka pambuyo pake, aliyense anali kudziwa mudzi wa wogulitsa ndi banja lake.

MALONDA A KUTALI

Koma si zinthu zonse zimene zimapezeka pafupi. Kucokera ku Petauke kufika ku Lusaka pali mtunda wa makilomita pafupifupi 400. Mlimi amene afuna citsulo ca cigayo, kapena mphunzitsi amene afuna makina osokera, nthawi zina sangazipeze pa Boma. Ulendo wa ku Lusaka ufuna ndalama ya basi, cakudya ndi malo ogona. Cotero kuyambira kale anthu akhala akufuna njira yogulira katundu ali khale kwao.

Agogo anu angakuuzeni za positi. Pamene dziko lathu linayamba kugwiritsa nchito kwaca ndi ngwee mu 1968, munthu wofuna kutumiza ndalama kutali anali kupita ku positi ofesi kukagula pepala la ndalama lochedwa positala oda. Panalinso njira ina yochedwa C.O.D. Sitolo inali kutumiza katundu ku positi ofesi ya kwanu, ndipo inu munali kulipira pa tsiku lolandira phukusi. Taonani nzeru imene inali m'njira imeneyi. Wogula ndi wogulitsa sanali kuonana, koma pakati pao panali kuima munthu wacitatu wodziwika kwa onse. Positi inali mboni, ndipo ndalama ndi katundu zinali kukumanabe pa tebulo limodzi. Nchito ya positi ndi ya lamya zinali m'manja mwa bungwe limodzi la PTC kuyambira mu 1975, kufikira mu 1994 pamene linagawidwa kukhala Zampost ndi Zamtel.

Masiku ano zinthu zasintha kwambiri. Lamya ya m'manja yafika m'midzi yambiri. M'zaka za 2011 ndi 2012 makampani a Airtel ndi MTN anayamba nchito yotumiza ndalama pa lamya, ndipo Zamtel inatsatira pambuyo pake. Tinyumba tating'ono totumizirapo ndalama tiri mbwee m'mbali mwa msewu pa Nyimba, pa Petauke ndi pa misika ya kumidzi. Munthu angaone cithunzi ca njinga pa lamya m'mawa, nalankhula ndi mwini wake masana, natumiza ndalama dzuwa lisanalowe. Ici ndi cinthu cabwino ndithu. Capulumutsa anthu ku maulendo atali, ndipo amalonda ambiri okhulupirika a ku Kamwala ndi ku Nakonde amatumiza katundu pa basi tsiku ndi tsiku popanda cobvuta.

Koma tsopano tiwerengenso alonda athu atatu aja. Maso aona cithunzi cabe, osati katundu weniweni. Mboni palibe, pakuti olankhulana ndi awiri okha. Malo sadziwika, pakuti nambala ya lamya si mudzi, si sitolo. Munthu angaitaye m'cimbudzi lero nagula ina mawa. Alonda onse atatu agona. Ndipo ndalama iyenda msanga kuposa katundu: iyo ifika m'kamphindi, pamene katundu afuna tsiku lathunthu pa msewu. Pakati pa kupita kwa ndalama ndi kufika kwa katundu pali mpata, ndipo mu mpata umenewo ndi mmene tambwali amabisala.

Cotero mukaona atate kapena amai anu akucita mantha potumiza ndalama kwa munthu wosamdziwa, musawaseke kuti ndi acikale. Mantha ao ali ndi cifukwa comveka.

ZIMENE ZINAONEKERA AMALUME ANGA

Ndikuuzeni zimene zinacitika m'banja lathu. Ndiri ndi amalume anga amene amalima nsawa ndi mpendadzuwa m'mudzi wina wa m'boma la Petauke. Caka cina atagulitsa mbeu zao, anafuna kugula sola ndi batire kuti adzukulu ao aziwerenga usiku. M'sitolo ya pa Boma anawauza mtengo wa K2,500, ndipo anaona kuti wakwera. Patapita masiku, mnyamata wina wa m'mudzi anawaonetsa cithunzi pa lamya. Munthu wina amene anati ali ku Lusaka anali kugulitsa sola yonga yomweyo pa K1,200 cabe.

Amalume anaimba lamya. Munthu uja analankhula mwaulemu kwambiri, nawacha "atate". Anati akugulitsa mochipa cifukwa akusamuka, ndipo anthu ena awiri akuifuna sola yomweyo. Anati akatumiza theka la mtengo ngati cikole tsiku lomwelo, adzawasungira. Amalume anatumiza K600.

M'mawa mwake munthu uja anaimba nati katundu wafika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, koma pafunika K250 yolipirira basi. Amalume anatumiza. Madzulo anaimbanso ndi mau acisoni, nati phukusi laimitsidwa pa mlatho wa Luangwa, ndipo pafunika K350 kuti lidutse. Linali bodza lokhalokha, pakuti panalibe phukusi, panalibe basi. Koma amalume anaganiza za K850 imene inali itapita kale, naopa kuti akakana idzatayika. Anatumizanso. Tsiku lacitatu anapalasa njinga kupita ku msewu, nadikira mabasi kuyambira m'mawa kufikira mdima. Poimba nambala ija, anapeza kuti yatsekedwa.

Anakhala milungu iwiri osauza munthu. Pamene ndinawacezera, anandiitanira pansi pa mtengo wa mango nati, "Mphwanga, ine ndakalamba ndi nzeru zanga, koma kamwana kosaoneka nkhope kandidyera thukuta langa la caka conse." Ndinawafunsa kuti, "Nanga amalume, munalekeranji kundiimbira poyamba paja?" Iwo anayankha kuti, "Anandiuza kuti ndifulumire. Ndiponso ndinafuna kuti adzukulu anga angoona nyale yayaka."

Amalume anga si munthu wopusa. Amadziwa kuyesa ng'ombe poiona mano, ndipo palibe amene angawabere pa sikelo. Koma nzeru zao zonse ndi za malonda a maso ndi maso. Pa lamya anali ngati mlenje wodziwa amene walowa m'thengo lacilendo usiku.

MMENE MSAMPHA UMACHEREDWA

Anyamata amene mumachera misampha ya mbewa mudziwa kuti msampha uli ndi mbali zake. Msampha wa tambwali nawonso uli ndi mbali zinai, ndipo zonse zinaoneka m'nkhani ya amalume.

Mbali yoyamba ndi nyambo. Nyambo yake ndi mtengo wotsika modabwitsa. Dzifunseni: munthu amene ali ndi katundu wa K2,500, angamgulitsirenji pa K1,200 kwa mlendo wa kutali, pamene mu Lusaka momwemo muli anthu zikwizikwi amene angamgule? Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Cithunzi naco si umboni. Munthu angajambule katundu wa m'sitolo ya eni ake, kapena kutenga cithunzi cimene wina anajambula kale, nanena kuti katunduyo ndi wake.

Mbali yaciwiri ndi cangu. Tambwali amadana ndi nthawi. Adziwa kuti mukagona tulo, mukafunsa mnansi, mukapita kwa aphunzitsi, bodza lake lidzaululika. Ndico cifukwa cake amanena kuti ena akuufuna katunduyo, kapena kuti mtengo ukwera mawa. Wamalonda woona amakondwa mukafunsa mafunso, cifukwa afuna kuti mudzabwerenso. Wonyenga amakwiya kapena kudandaula.

Mbali yacitatu ndi cikole. Sapempha ndalama yonse nthawi imodzi, pakuti adziwa kuti mungadzidzimuke. Apempha theka, ndipo inu muona ngati mwacenjera posunga theka linalo.

Mbali yacinai ndi malipiro osatha. Cikole cikangopita, munthu wagwidwa mwendo. Tsopano salipiranso cifukwa cofuna katundu, koma cifukwa coopa kutaya zimene walipira kale. Tiyeni tiwerengere pamodzi: K600 kuonjezapo K250, kuonjezaponso K350. Yankho ndi K1,200. Mwaona? Tambwali anatenga mtengo wonse umene anachula poyamba, koma anautenga pang'onopang'ono, monga mmene nankafumbwe amathera nkhokwe.

KUDZUTSA ALONDA ATATU

Nanga ticite ciani? Kodi tileke kugula kwa anthu a kutali? Iai. Cofunika ndi kudzutsa alonda atatu aja ndalama isanacoke m'manja.

Tiyambe ndi maso. Ngati inu simungapite kukaona katundu, tumani maso ena. Mabanja ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba ali ndi mbale ku Lusaka kapena ku Chipata. Muuzeni wogulitsa kuti, "Mwana wanga abwera kudzaona katunduyo, ndipo adzalipira pomwepo." Mau amenewa ali ngati lupero: amalekanitsa mbeu ndi mankhusu. Wamalonda woona adzachula sitolo yake ndi nthawi yokumana. Tambwali adzayamba zifukwa: ali ku maliro, katundu ali ku nyumba yosungiramo, kiyi ali ndi mnzake. Mbale wanuyo akapita, akumane ndi wogulitsa masana, pa malo a anthu ambiri, ndipo asapite yekha ndi ndalama ku nyumba yosaidziwa. Ayese katunduyo: wailesi ilire, sola iyatse nyale, makina asoke kansalu.

Kenaka mboni. Musacite malonda a ndalama zambiri mobisa. Uzani mnzanu wa m'nyumba, aphunzitsi, alangizi a zaulimi, kapena munthu wina wozolowera zinthu zimenezi. Safunsa anadya phula. Funsani wogulitsa ngati pali munthu wa kwanu kuno amene anagulako kwa iye, ndipo mukamuone munthuyo ndi maso, osati kungomva mau ake pa lamya, pakuti atambwali amacitirana umboni okhaokha. Sungani mauthenga onse a pa lamya, ndipo pemphani lisiti lokhala ndi dzina la sitolo.

Potsiriza malo. Funsani kuti sitolo iri mu msewu uti, pafupi ndi ciani. Ndipo pali cinthu cimodzi caching'ono cimene ana inu mungathandize naco makolo. Potumiza ndalama pa lamya, musanalembe nambala yacinsinsi, lamya imaonetsa dzina la munthu amene adzalandira. Werengani dzinalo mokweza. Ngati munthu anadzichula dzina lina, koma lamya yaonetsa lina, imani pomwepo. Komabe dziwani kuti ngakhale dzina litagwirizana, si umboni wokwanira. Boma linalamula kuti nambala iriyonse ya lamya ilembetsedwe ndi citupa ca mwini wake, ndipo nthawi yolembetsa manambala akale inatha pa 31 December 2013. Koma akuba ena amalembetsa manambala ndi zitupa za NRC zotola kapena zakuba. Ndico cifukwa cake munthu sayenera kubwereketsa citupa cake kwa wina kuti akatengere nambala.

Pamwamba pa zonsezi pali lamulo limodzi lalikulu, lomwe lija la pa msika wa Nyimba: ndalama ndi katundu zikumane. Lipirani polandira, kapena lipirani kupyolera mwa munthu wanu amene wagwira katunduyo m'manja. Ngati palibiretu njira ina, yambani ndi kanthu kakang'ono kamene kutayika kwake sikungagonetse banja ndi njala. Cikhulupiriro cimakula ngati mtengo. Sicimera tsiku limodzi.

ZINTHU ZOFUNA KUSAMALA KOPOSA

Pali malonda ena amene ngozi yake ndi yaikulu ngakhale katundu atafika. Oyamba ndi a mbeu. Anthu osakhulupirika amatenga cimanga wamba, nacipaka utoto, nacilonga m'matumba okongola. Maso sangasiyanitse, ndipo bodza limaoneka mbeu itamera kale, nyengo yobzala itapita. Pamenepo mlimi sataya ndalama yokha, koma cakudya ca caka cathunthu. Mbeu yoona imayesedwa ndi bungwe la boma la SCCI, limene likulu lake liri ku Mount Makulu m'boma la Chilanga. Gulani mbeu kwa ogulitsa amene ali ndi cilolezo, ndipo sungani thumba ndi lisiti kufikira mutakolola.

Aciwiri ndi a katundu wogwirapo kale nchito, monga lamya, njinga ndi njinga zamoto. Mtengo ukatsika kwambiri, nthawi zina cifukwa cake ndi cakuti katunduyo ndi wakuba. Kulandira katundu ukudziwa kapena uli ndi cifukwa coganizira kuti ndi wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Pemphani lisiti limene mwini wake anagulira. Ziweto nazo zocokera kutali zifuna kalata ya alangizi a ziweto zisanasamutsidwe, kuopa kuba ndi matenda omwe.

WOGULITSA NAYENSO ACENJERE

Makolo anu ambiri sagula cabe, amagulitsanso nsawa, nthoci, mbuzi ndi nkhuku kwa anthu a m'tauni. Msampha umachereka mbali zonse ziwiri. Wogula wonyenga amatumiza uthenga wolemba yekha, wofanana ndi uja wa kampani, wonena kuti ndalama yalowa. Wogulitsa akweza matumba pa galimoto, ndipo pofuna kutapa ndalama apeza kuti mulibe. Mankhwala ake ndi apafupi: musakhulupirire uthenga, yang'anani nokha m'lamya kuti ndalama zimene muli nazo zaonjezekadi.

Ena amatumiza uthenga wakuti, "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi." Amautumiza kwa anthu ambirimbiri, podziwa kuti mwa iwo muli wina amene alidi pakati pa malonda. Mukalandira uthenga wotere, imbirani munthu amene mukucita naye malonda pa nambala yake imene muidziwa kale. Ndipo nambala yacinsinsi ndi kiyi wa nkhokwe yanu. Musauze munthu aliyense, ngakhale amene anena kuti agwira nchito ku kampani ya lamya. Anchito oona safunsa nambala imeneyo.

NGATI ZACITIKA KALE

Cimene cinapweteka amalume anga koposa ndi manyazi. Koma manyazi ndi bwenzi la tambwali, pakuti munthu akakhala cete, wakubayo apeza mpata wonyenga ena. Wolakwa ndi wakuba, osati wobedwa.

Munthu akazindikira kuti wanyengedwa, coyamba aleke kutumiza ndalama ina iriyonse, ngakhale amuopseze kapena kumnyengerera. Caciwiri, aimbire kampani ya lamya nthawi yomweyo, pakuti ndalama ikakhala isanatapidwe nthawi zina imatheka kuimitsidwa. Cacitatu, apite ku polisi ndi mauthenga onse ndi nambala ya wakubayo. Kutenga ndalama ya munthu mwa bodza ndi mlandu pa ndime 309 ya malamulo a milandu a dziko lino, ndipo cilango cake cingafike zaka zitatu m'ndende. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhudza milandu yocitika pa lamya ndi pa makompyuta, ndipo mu 2025 malamulo awiri atsopano analowa m'malo mwake.

Palinso mabungwe awiri a boma amene muyenera kuwadziwa. Loyamba ndi ZICTA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2009 kuti liziyang'anira nchito za lamya ndi positi. Nambala ya munthu wonyenga mungaineneze kumeneko potchaya *707# pa lamya yanu, kuti ifufuzidwe ndi kutsekedwa. Laciwiri ndi CCPC, limene limagwira nchito pansi pa lamulo la mu 2010 loteteza ogula. Ilo limamva madandaulo a munthu amene wagulitsidwa katundu woonongeka kapena wosiyana ndi amene analonjezedwa. Nambala yake yaulere ndi 5678.

Koma ndikuuzeni zoona, ana inu. Ndalama ikatapidwa, kubwera kwake ndi kobvuta. Amalume anga sanaionenso yao. Kuneneza kumateteza anansi athu. Koma cotiteteza ife eni ndi kusamala poyamba.

MLENDO SI MDANI

Pomaliza, ndisakusiyeni ndi maganizo akuti mlendo aliyense ndi wakuba. Akulu omwewo amene anaticenjeza za mkuyu, anatinso mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Nthoci za ku Nyimba zimadyedwa ndi alendo. Nsawa za ku Petauke zimagulidwa ndi alendo. Mudzi umene ukana malonda ndi anthu a kunja sutukuka. Anthu ambiri amene amagulitsa katundu pa lamya ndi okhulupirika, ndipo nawonso amadandaula cifukwa atambwali akuwaipitsira mbiri.

Mantha ali ngati galu wa pakhomo. Galu amene auwa mlendo akafika ndi wabwino, pakuti adzutsa mwini nyumba. Koma mwini nyumbayo ndiye ayenera kutuluka, kuona amene wabwera, ndi kumfunsa kumene acokera. Mtima ukagunda potumiza ndalama, musaunyoze, ndiponso musathawe. Imani, nimufunse mafunso atatu: Ndani waona katunduyu? Ndani acitira umboni? Munthuyu ndingampeze kuti mawa?

Caka cotsatira amalume anga anakololanso nsawa. Anatuma mdzukulu wao wamkulu ku sitolo ya pa Boma, iye nayesa sola pamaso pa mwini sitolo, nalipira, nalandira lisiti. Lero nyale imayaka m'nyumba mwao. Ndipo mnansi akabwera ndi cithunzi ca katundu wochipa pa lamya, amalume ndiwo amayamba kumfunsa mafunso atatu aja.

Inu ana amene mumawerengera makolo uthenga, ndinu maso a banja lanu. Werengani mofatsa, werengani zonse, ndipo mukaona cokaikitsa, nenani mwaulemu. Tsalani bwino kufikira phunziro la mlungu wa mawa.

MAFUNSO

1. Chulani alonda atatu amene amateteza wogula pa msika.
2. Kodi njira ya C.O.D. inali kuteteza bwanji wogula ndi wogulitsa?
3. Fotokozani mbali zinai za msampha wa tambwali.
4. Cifukwa ciani amalume anatumizabe K350 ngakhale anali atayamba kukaika?
5. Sola ya m'sitolo inali pa K2,500. Amalume anataya K1,200, kenaka nagula ya m'sitolo pa mtengo womwewo. Kodi anaononga ndalama zingati zonse pamodzi?
6. Chulani zinthu zitatu zimene munthu wonyengedwa ayenera kucita msanga.

NCHITO YA M'KALASI NDI YA KUNYUMBA

Aphunzitsi agawe ana m'magulu a atatu kuti acite sewero. Mmodzi akhale wogulitsa wa pa lamya, wina wogula, wacitatu mwana wowerenga uthenga. Gulu lina lisewere wogulitsa woona, lina wonyenga, osauza kalasi. Ana otsala apeze okha amene ali woona pomvetsera mmene ayankhira mafunso atatu aja.

Kunyumba, mwana aliyense afunse agogo kapena munthu wina wamkulu mmene anali kugulira ng'ombe, njinga kapena wailesi pa unyamata wao, ndi amene anali kukhala mboni. Alembe ndime imodzi, osachula maina a anthu, ndipo adzawerenge m'kalasi.